Sabuufa ya m'Galimoto Yosalira

"Kodi yayaka, kapena sinayake?"

Bambo anafunsa manja ali pa chiwongolero, maso ali pa dashibodi. Mwana wawo wamkazi, wotsiriza kubadwa, amene pakhomo onse ankangomuti Mzime, anali pampando wapambali. Funso limeneli ankalifunsa m'mawa uliwonse chibwerereni galimotoyi, ndipo silinkadikira yankho. Chinali chitonzo basi. Galimoto inali itayaka kalekale, ndipo inangoyamba kutsetserekera kugeti, phee, ngati mphaka wopita kukaba kukhitchini.

Inali yamagetsi. Anawagulira ndi Achimwene, woyamba kubadwa m'banjamo, amene ankagwira ntchito mumzinda wina wakutali, ndipo chikondi chawo chinkafika pakhomo m'makatoni, chili ndi mawaya. Bambo anathokoza bwinobwino pafoni, koma atangodula anaitcha firiji. Munthu woti wayendetsa mabasi a dizilo kuyambira tsitsi lili bii mpaka lonse mbuu, lero n'kumupatsa chinthu chosatsokomola, chosanjenjemera, chopanda ngakhale giya yosintha. Iwo ankati injini ndiyo imauza dalaivala zoona. Ikadwala imabuula, ikatopa pachitunda imadandaula, ndipo munthu amaimvera kumsana ndi m'matako, osati m'makutu mokha. Koma iyi, ankatero, itafera mumsewu sungadziwe, chifukwa ikhale yamoyo, ikhale yakufa, nkhope ndi imodzimodzi.

Loweruka limeneli ankapita nayo kwa mmisiri wa masipika kuti akaikemo sabuufa, chisipika chachikulu cha mawu akuya chija anyamata amagwedeza nacho mazenera a nyumba za eni. Maganizowa anali a Bambo okha. Anati ngati galimoto yakana kulira, iwo aigulira mmero.

Mzime anawaperekeza, koma anali ndi ntchito yakeyake imene Bambo sankaidziwa. Anatumidwa kukawalanda kiyi.

Nkhani inayambira pamaloboti. Tsiku lina Bambo ndi Mayi akuchokera kokaona wodwala, getsi lobiriwira litayaka, magalimoto onse anangoima osasuntha, chifukwa kumsewu wodutsa kunkabwera ambulansi ikulira mochita kung'amba makutu. Bambo okha ndi amene analowa, mwaulemu, monga lamulo limanenera. Ambulansi inamanga mabuleki mpaka matayala kufuka utsi, n'kuima pafupi ndi chitseko cha Mayi. Mayi ankati anachita kuona mano onse a dalaivala wake. Chichokereni tsikulo Mayi anabwerera ku minibasi, ati madokotala amalimbikitsa kuyendako pansi. Bambo anati vuto ndi galimotoyo, magalasi ake amatseka ngati firiji, munthu sungamve zakunja. Palibe amene anawatsutsa. Pakhomopo aliyense ankadziwa kuti wailesi yawo imamveka mpaka kwa aneba, ndiponso kuti ukawayankhulira kumbuyo umangoyankhula ndi malaya. Koma kudziwa n'kwina, kunena n'kwina.

Achimwene atamva za ambulansi anaimbira Mzime. Anayankhula nthawi yaitali za chitetezo, za ukalamba, za mmene iwo sakuonera tulo, kenako anafika kumene ankapita: Bambo asiye kuyendetsa, kiyi azikhala ndi Mzime, iyeyo aziwatenga kulikonse kumene akufuna. Anati pa ana onse, amene Bambo amamumvera ndi iye. Mzime anawakumbutsa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu wa m'banjamo ndi iwo. Achimwene anaseka n'kunena kuti netiweki ikudula. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'banja mwawo wamva m'mimba ankaimbira foni wamng'ono kuti akamutsekulire.

Sikuti Mzime ankatsutsa. Nayenso ankaopa. Chimene chinkamulemera n'chakuti ankadziwa malo a kiyiyo. Ankakhala m'thumba la shati, pamtima penipeni, pamene kale pankakhala baji ya kampani ya mabasi. Chipumireni pantchito, Bambo ankapeza ulendo tsiku lililonse: babu limodzi, misomali, kukafunsa mtengo wa penti imene sankafuna kugula. Akabwerako ankaimika galimoto chammbuyo, mowongoka ngati ayezera ndi rula, n'kuipukuta magalasi. Kuwachotsera zimenezi kunali kuwasiya pakhonde ndi mpando wapulasitiki, azionerera anzawo akudutsa. Komanso amene anamuphunzitsa iye kuyendetsa anali Bambo omwewa, pa chigalimoto chawo chakale, akumukalipira kuti asiye kuyang'ana singano ya pa dashibodi, azimvera injini.

Ali m'njira anayesa kuyamba. Anati pali nkhani yoti akambirane yokhudza galimotoyi. Bambo anagwedeza mutu, maso ali kutsogolo, n'kunena kuti eetu. Masiku amenewa eetu ankayankhira chilichonse, kaya ndi moni, kaya ndi uthenga wa maliro. Mzime anali kumbali ya khutu limene linakhala moyandikana ndi injini ya basi zaka zonse zija. Kuti amveke anafunika kukuwa, ndipo pali nkhani zina zosakuwika. Anaganiza zodikira kaye. Chokhumudwitsa chinali chakuti Bambo ankayendetsa bwino kwambiri. Ankaonera patali, ankasiya mpata, maso awo ankayendera magalasi onse ngati mlonda wosagona. Munthu wongowaona akanati a ambulansi aja ndi amene analakwa.

Shopu ya mmisiriyo inali kuseri kwa malo omatira matayala, chipinda chachitali chokwana galimoto imodzi ndi benchi. Munkanunkha guluu ndi utuchi. Kukhoma anapachikako masipika ong'ambika ngati zivundikiro za mapoto, pansi panali zidutswa za kapeti, ndipo kulikonse kunali mawaya, ena okulunga, ena ongolendewera kudenga. Mwini wake anthu ankangowati a Mawaya. Anali bambo wamimba, pensulo kukhutu, tepi yakuda atakulunga kuchala, ndipo ankayankhula mokuwa monga amachitira onse a ntchito imeneyi. Ndi Bambo anali atagwirizana kale tsiku limene anabwera kudzayezetsa buti. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, Mzime anaona Bambo akucheza ndi munthu popanda eetu.

A Mawaya anatsekula buti n'kukweza thabwa lapansi. Kunsi kwake kunali dzenje mmene munkakhala chingwe chotchajira. Bokosi la sabuufa anali atalikhoma molingana ndi dzenjelo, moti linangolowa ngati phazi m'nsapato yake. Chingwe, anati, chizikhala pamwamba, chizolowere umoyo wa lendi. Kenako anawaonetsa mawaya onenepa, a mtundu wa lalanje, opita ku batire lalikulu limene limayendetsa galimoto.

"Awa ndi apongozi, madala. Timangopatsana moni chapatali, chanza sitigwirana."

Ampu, kabokosi kopatsa sabuufa mphamvu, anati itenga moto ku batire laling'ono lakutsogolo, limene limayatsa nyali ndi wailesi. Bambo anadabwa kumva kuti m'firiji muli batire wamba, la anthu, lamitu iwiri. Anapempha kuti alione, ndipo ataliona analisisita ngati mnzawo wakale amene akumana naye kudziko lachilendo. Anafunsa ngati chisipikacho sichiziwathera moto panjira. A Mawaya anati chimadya ngati mlendo wamanyazi, wosusuka weniweni ndi choziziritsira mpweya.

Vuto linali loti galimoto inkakana kugona. A Mawaya akati aizimitse kuti amasule batire, iyo inkangoyatsanso dashibodi, kuphethira nyali, kudikira ulendo. Anafotokoza kuti galimoto za masiku ano zimanunkhiza kiyi, akakhala pafupi sizitseka maso. Kiyi achoke, apite kutali, kutsidya kwa msewu. Bambo anayang'ana galimoto yawo itayasama buti ndi boneti, n'kunena kuti wodwala akakhala patebulo samusiya yekha. Anapisa m'thumba la shati.

"Iwe, tenga. Upite uko. Ugwire bwino, si switi."

Mzime anawoloka msewu n'kukakhala pa kakhoma ka golosale, pamthunzi. Kiyi anali kanthu kakuda, kosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, ndipo kanali kadakali kofunda ndi thupi la Bambo. Asanakhazikike n'komwe foni inalira. Achimwene ankafuna kudziwa ngati wawauza. Iye anati sanawauze. Anafunsa kuti nanga kiyi ali kuti, ndipo Mzime, amene sankadziwa kunama mwachangu, anati ali m'manja mwake. Achimwene anasangalala. Anati ndiye basi, nkhani yadzithera yokha, angomuponya m'chikwama, zokambirana zibwere pambuyo. Anawonjezera kuti munthu amene sanamve ambulansi m'galimoto ya zii, akamuikiranso ng'oma m'buti ndiye sadzamva ngakhale sitima. Mzime anakwiya, makamaka chifukwa ankanena zoona. Nayenso anati netiweki ikudula.

Anakhala pamenepo akukonza mawu. Oyamba anawapeza, apakati anawapeza, otsiriza okha ndi amene ankamuthawa. A Mawaya atamukodola kuti abwere, batire litamasulidwa, anapeza Bambo ataweramira m'buti, akuunikira ndi tochi. Sanacheuke. Anangotambasulira dzanja kumbuyo, chikhatho chili m'mwamba, ngati dokotala wofuna sizasi. Mzime anaikapo kiyi.

Kenako a Mawaya anavula zitseko mapulasitiki ake amkati, n'kuyamba kumata mapepala olemera a phula pachitsulo, akuwasalaza ndi kagudumu. Bambo anafunsa kuti msewu ukulowa bwanji m'chitseko. Mmisiri anati m'galimoto ya dizilo injini imabisa machimo ambiri: kabawuti kolekeza, kapulasitiki kogwedera, zonse zimamira m'phokoso. Koma m'galimoto yamagetsi mulibe pobisala. Sabuufa ikagunda, chilichonse chomasuka chimadziulula chokha. Bambo anavomera, nati m'basi munthu unkatha kuyenda tsiku lonse ndi chitseko chotsala pang'ono kugwa, osadziwa. Mzime anakhala pabenchi n'kumaganiza kuti m'basi aliyense ankakuwa, kondakitala, okwera, ogulitsa m'madepoti, ndipo Bambo akafika kunyumba ankakuwabe. Palibe amene ankadziwa chaka chimene makutu anayamba kuchoka. Anazindikira phokoso litatha.

Ntchito inatenga tsiku lonse. Masipika obwera ndi galimoto anatuluka, opepuka ngati mbale zapepala, ndipo Bambo anawanyamula m'manja n'kupukusa mutu, ati ndiye chifukwa chake. M'malo mwake munalowa ena olemera, okhala ndi maginito amene ankakwatula sikuluu iliyonse yodutsa pafupi. Pamakona a galasi lakutsogolo a Mawaya anaikapo timasipika ting'onoting'ono ngati zitsekero za mabotolo, ta mawu osongoka. Waya wa moto anamudutsitsa kunsi kwa kapeti, mbali yotalikirana ndi apongozi. Bambo anadzipatsa okha udindo wosunga masikuluu m'chivundikiro cha chitini, ndipo ankawatulutsa imodziimodzi, atafunsa kaye kumene ikupita. Pena ankalangiza mmisiri kuti asamange mopitirira, bawuti ili ngati mwana, ukaifinya kwambiri imathyoka. A Mawaya anati akanakhala ndi madala m'shopumu tsiku lililonse bwenzi atalemera, kapena atathawa.

Dzuwa litapendeka anamanganso batire, n'kuuza Bambo kuti akhale pampando wawo. Anaika nyimbo yakale ya magitala imene Bambo anasankha okha. Poyamba inangomveka bwino, basi. Kenako a Mawaya anapotokola kabatani ka besi, ndipo kunsi kwa galimoto kunadzuka chinthu. Gu, gu-gu, gu. Kagalasi kapakati kananjenjemera, utuchi wa paboneti unayamba kuvina, Mzime anazimva m'nthiti ali chiimire panja. Bambo anagwira chiwongolero ndi manja onse, anakankhira msana kumpando, ndipo Mzime anaona phazi lawo likufufuza kilatchi pamene palibe, dzanja likutsikira pa giya pamene palibe. Nkhope inali ija ya pachithunzi cha pabalaza, atavala yunifolomu pakhomo la basi.

"Amisiri," anatero, "mwaipatsa mtima."

Mzime anayang'ana kumbali. Kulanda munthu chinthu chimene amachinyoza n'kosavuta. Iye anachedwa, ndipo tsopano anafunika kuwalanda chimene angoyamba kumene kuchikonda.

A Mawaya anazimitsa nyimbo n'kunena kuti kumanga ndi theka chabe la ntchito, chatsala n'kulinganiza mawu. Anabweretsa laputopu yong'aluka pakona ndi kamaiki ka chingwe chachitali. Koma asanayambe za makina, anati, iwo ali ndi kachitidwe kawo: amayamba ayesa makutu a mwini galimoto. Makutu ali ngati mapazi, palibe awiri ofanana, ndipo anatopa ndi anthu obwerera mawa lake kudzadandaula kuti sipika ya mbali iyi yafa, pamene sipika ili bwinobwino. Choncho mwini amatsinzina, iwo amaliritsa masipika imodziimodzi, mwiniyo n'kumaloza kumene kukuchokera mawu. Kamasewera ka ana, anatero, koma kamachepetsa milandu.

Bambo anazikonda zimenezi. Anati iwo mayeso sanalepherepo, a layisensi anangolowa kamodzi n'kukhoza. Anatsinzina n'kukweza chala. A Mawaya anakhala pampando wapambali, laputopu ili pamiyendo, ndipo anauza achemwali kuti alowe kumbuyo atseke zitseko zonse. Mzime anakhala pakati.

Liwu loyamba linali lakuya, huuu, ndipo chala chinaloza kubuti lisanathe n'komwe. Lachiwiri linachokera m'chitseko cha Bambo, ndipo analoza. Lachitatu linali la chitseko cha a Mawaya. Chala chinazengereza, chinayamba chapita kutsogolo, kenako chinakhota n'kupeza. A Mawaya anati madala ali bwino, pali anyamata amene amaloza kudenga. Bambo anamwetulira ali chitsinzinire.

Kenako anafika pa timasipika ta pagalasi tija. Liwu lake linali lopyapyala, losongoka, tswiii, ngati udzudzu wachitsulo. Mzime analimva bwinobwino likuchokera pakona ya mbali ya a Mawaya. Chala cha Bambo chinali m'mwamba, chikudikira.

A Mawaya anawonjezera pang'ono. Chala sichinasunthe. Anasamutsira liwulo pakona ya Bambo, pafupi ndi nkhope yawo penipeni, n'kuwonjezeranso. Mzime anamva mano akuchita dzanzi. A Mawaya anamucheukira, iye n'kuyang'ana pansi. Mwina mmisiriyo ankaganiza kuti pali malire pamene khutu lililonse limagonja, chifukwa anapitiriza kukankha, pang'onopang'ono, mpaka liwu lija linasanduka singano yolowera kukhutu uku n'kutulukira uko. Panja, omata matayala anasiya ntchito n'kuyamba kusuzumira.

"Yambanitu, amisiri," anatero Bambo. "Dzanja latopa."

Ataona kuti palibe chikuchitika anatsekula maso, ndipo monga dalaivala aliyense, maso awo anayambira pa kagalasi kapakati. M'kagalasimo munali Mzime, zala zili m'makutu onse awiri, nkhope itakwinyika. Sanachite dala. Akanadziwa kuti atsekula maso akanapirira. Bambo anamuyang'ana kwa kanthawi ndithu, kenako anatembenukira kwa a Mawaya, amene anali atatsinzina diso limodzi, phewa litakwera kukatseka khutu. A Mawaya anadina batani. M'galimoto munagwa zii weniweni, uja wa firiji.

Mmisiriyo anayamba kunena kuti timasipika tatsopano nthawi zina timachita manyazi, mwina waya sanagwire bwino, aonanso. Bambo sanawalabadire. Anayang'ananso m'kagalasi.

"Iwe. Inalira?"

"Inalira, Bambo." Anakweza mawu kuti asachite kubwereza.

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

Pa mawu onse amene anakonza kutsidya kwa msewu kuja, amene anatuluka ndi amenewa.

Bambo anauza a Mawaya kuti alizenso, chimodzimodzi, asachepetse. Ulendo uno sanatsinzine. Anaika chala pa kasipika kaja mopepuka, ngati woyesa kutentha kwa simbi. Mzime sanatsekenso makutu, anangoluma mano. Bambo anasiya chala pomwepo, chikumva kunyerenyetsa kumene makutu awo ankakukana, maso ali pa omata matayala amene anali atayambanso kusuzumira. Kenako anagwedeza mutu kuti basi, ndipo anayang'ana nsonga ya chalacho ngati palembedwa kanthu.

A Mawaya, pofuna kupeputsa zinthu, anati zimenezi si zachilendo. Madalaivala akale ambiri amabwera choncho, ngakhale iwo eni, akazi awo amati amangomva zimene akufuna. Mankhwala ake alipo: akhoza kukweza mawu osongokawo mpaka afike pamene madala angawamve. Kungoti aliyense wokwera nawo azivutika. Bambo anafunsa ngati angathenso kukweza mawu a kunja kwa galimoto. A Mawaya anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, n'kunena kuti kunjako si shopu yawo. Bambo sanaseke.

Tsopano inali nthawi ya maiki. Mmisiri anafotokoza kuti masipika ena amakhala pafupi ndi munthu, ena kutali, ndiye makina amachedwetsa pang'ono apafupiwo kuti mawu onse afike pamutu nthawi imodzi. Zikatero woimba amakhala ngati waima pa dashibodi, patsogolo pako penipeni. Koma zimenezi zimatheka pa mpando umodzi wokha. Ena onse amamva bwino ndithu, koma amamva ngati anthu oima pakhomo la holo. Nthawi zonse, anati, umakhala mpando wa dalaivala, palibe amene anapemphapo zina, mwini ng'oma ndiye amakhala pabwino. Anapempha onse kuti atuluke, chifukwa maiki imafuna m'galimoto mopanda munthu, ndipo anayamba kuimangirira pa chotsamira mutu cha mpando wa dalaivala ndi tepi yakuda ija.

Bambo anatuluka. Anayamba kuzungulira galimoto monga ankachitira ndi basi isananyamuke: kuponda tayala lililonse, kusuzumira kunsi, kugwedeza chitsulo cha nambala. Anatulutsa kampango n'kupukuta galasi la mbali ya dalaivala, ngakhale linali loyera kale. Mzime ankawatsatira pambuyo. Ankadziwa kuti maiki ikamaliza ntchito yake, chotsatira ndi ulendo wobwerera, kudutsa pamaloboti paja, ng'oma ikugunda m'buti. Nthawi yodikira inali itatha. Anawazungulira kuti aime kumbali ya khutu labwinoko, pamene angaone milomo yake.

"Bambo, Achimwene anaimba. Ifeyo timaganiza kuti..."

Bambo anakweza dzanja, lija ankaimitsira anthu ofuna kukwera basi isanaime. Anapitirira mpaka pa chitseko chapambali, anachitsekula, n'kukhala. Mpandowo unali utakankhidwira kutali kumbuyo ndi mimba ya a Mawaya. Anafufuza kachitsulo kosunthira, koyamba mbali yolakwika, chifukwa chibwerereni galimotoyi anali asanakhalepo pamenepa. Atakapeza anasunthira kutsogolo, kenako kumbuyo pang'ono, anawongola kumsana, anakweza chotsamira mutu mpaka chinafika pankhongo pawo. Anatambasula miyendo, n'kuyang'ana manja awo ngati akusowa powaika. Kenako anapisa m'thumba la shati, n'kuika kiyi m'kadzenje koikamo kapu, pakati pa mipando iwiri.

A Mawaya, tepi ili kukamwa, anawakumbutsa mwaulemu kuti m'galimoto mukufunika mukhale mopanda munthu.

"Masulani maikiyo, amisiri."

Mmisiri anati yamangika kale bwinobwino, pamutu pa dalaivala, ndipo akangoyeza sabwerezanso.

Bambo anamenya ndi chikhatho chotsamira mutu cha mpando umene anakhalawo.

"Muimange apa. Nyimbo muzikonzere mpando uno."